Nzeru Zobisa ndi Nzeru za Pabwalo

Munthu ali yense amene anayendapo pamsika waukuru adziwa kuti amisiri a nchito imodzi akonda kukhala pamzere umodzi. Osoka zobvala ali mbali yao, okhoma zidebe ali mbali yao, ndipo opala matabwa sakhala kutali ndi opala matabwa anzao. Mlendo angazizwe nati, Kodi anthu awa salandana ogula? Alekeranji kupita yense kwa yekha, kumene kulibe wopikisana naye? Koma cimene cioneka pamsika cionekanso m'maiko a nchito zazikuru: makampani opanga cinthu cimodzi aunjikana m'cigwa cimodzi kapena m'mudzi umodzi, ndipo kawirikawiri ndi m'malo otere momwe mubadwa makina atsopano ndi njira zatsopano za nchito. Funso lathu mwezi uno ndi ili: nciani cimene cifulumiza eni makampani oyandikana otere kuti asakhutire ndi makina a dzulo? Ndipo pansi pa funsoli pagona lina lobvuta koposa, lokhudza cikumbu mtima: munthu akaturukira nzeru, kodi nzeruyo ndi yace yekha, kapena ali nayo mangawa kwa anansi ace?

Mafunso otere sayankhika bwino ndi maganizo a m'mutu okha. Cifukwa cace tidzatsata mbiri ya dziko limodzi laling'ono, kumene njira ziwiri zinayesedwa motsatana pa nchito imodzi yomweyo, poyamba njira yotsekera nzeru, pambuyo pace njira yoiika pabwalo. Ndipo mwamwai zoturukapo zace zinalembedwa mwezi ndi mwezi, kotero kuti sitiyenda mumdima.

Dzikolo ndi Cornwall, nsonga ya England yolowa m'nyanja ca kumwera kwa kumadzulo. Pansi pa nthaka yace panali mkuwa ndi tini, ndipo anthu anakumbamo kuyambira kale lomwe. Pofika zaka za m'ma 1700 miyala yapafupi inali itatha, migodi niyamba kuzama. Tsono mgodi wozama uli ngati citsime. Madzi alowamo usana ndi usiku, osadziwa tsiku lopumula, ndipo mukaleka kuwacotsa amiza nchito yonse ya pansi. Migodi yambiri inali yoyandikana, makamaka pozungulira midzi ya Camborne ndi Redruth. Eni ace anali osiyana, koma mdani wao anali mmodzi.

Makina oyamba amene anathandizadi pa nchito yopopa madzi ndi mphamvu ya moto anamangidwa ndi Thomas Newcomen m'caka ca 1712. Kayendedwe ka makinawo tingakafanizire ndi mtondo ndi munsi. Mtondo ndiwo silinda yacitsulo, munsi ndiwo pisitoni yothina bwino m'kati mwace, yomangidwa ku mtanda waukuru wopendekera uku ndi uku. Nthunzi ya madzi owira idzaza silinda; pomwepo athiramo madzi ozizira, nthunzi isanduka madontho, m'kati mutsala mopanda kanthu, ndipo mpweya wa kunja ukankha munsi uja pansi. Potsika munsi, mbali yina ya mtanda ikwera nitukula madzi a mumgodi. Inali nzeru yabwino ndithu, koma yosusuka. Pakuti silinda inatenthedwa ndi kuziziritsidwa pa kugunda kuli konse, ndipo malasha ambiri anapsya cabe. Kumigodi ya malasha sanadandaule, popeza anali kusonkhezera zinyenyeswa zosagulitsika. Koma ku Cornwall kulibe malasha. Onse anadza pa zombo kucokera kumwera kwa Wales, nasenzedwa pamsana pa nyuru kufikira pamgodi, ndipo mtengo wace unanka nukwera ulendo wonsewo.

Apa tapeza cofulumiza coyamba, ndico kusowa. Pansi madzi, pamwamba malasha a mtengo wapatali, mwini mgodi ali pakati. Akapanda kupeza njira, atseke. Koma kusowa pakokha sikubala nzeru. Kukadatero, amphawi onse a pansi pano akadakhala oturukira makina. Pali mitundu ya anthu imene inasauka ndi bvuto limodzi zaka mazana, nilizolowera monga munthu azolowera mtolo wa pamutu. Kusowa kudziwa kulira kokha. Pafunika wina wodza ndi yankho.

Wodza ndi yankho anali James Watt wa ku Scotland, wokonza zipangizo pa sukulu yaikuru ya ku Glasgow. Atapatsidwa kafanizo kakang'ono ka makina a Newcomen kuti akakonze, anazindikira pamene panali kutayikira moto, naganiza kuti nthunzi izikaziziritsidwa m'cotengera cina pambali, silinda ikhale yotentha nthawi zonse. M'caka ca 1769 analandira patenti, ndiyo kalata ya boma yoletsa ena onse kupanga cinthu cimene munthu waturukira, koma atalola mwini wace, kufikira zitatha zaka zoikika. Mu 1775 Nyumba ya Malamulo inaonjezera nthawi ya kalatayo kufikira 1800, ndipo caka comweco Watt anagwirizana ndi Matthew Boulton, mwini nchito wolemera wa ku Birmingham. Makina ao anafika ku Cornwall mu 1777, ndipo anadya malasha osafika theka la amene makina akale anali kudya. Malipiro anali otere: pa magawo atatu a ndalama zimene mgodi wapulumutsa pa malasha, gawo limodzi lizipita kwa Boulton ndi Watt caka ndi caka. Ndipo kuti asanyengedwe, anamanga pamtanda kabokosi kokhoma, kowerenga kugunda kuli konse kwa makina.

Tisafulumire kumtsutsa Watt. Anataya zaka zambiri alikuyesa ndi kulephera, ali m'ngongole, ndipo mnzace woyamba wa malonda, John Roebuck, anataya cuma cace nchitoyo isanabale kanthu. Wolima ayenera kudya za m'munda mwace. Munthu akadziwa kuti cimene wacisaukira zaka 10 mnansi adzacitola tsiku limodzi osapereka kanthu, adzasaukiranji? Ndiponso malipiro aja sanali acinyengo, popeza mgodi unasunga magawo awiri a phindu limene sukadaliona konse popanda iye.

Bvuto linali pa kukula kwa mpanda. Kalata ya Watt siinachinge makina amodzi okha, koma nzeru yonse ya kuziziritsa nthunzi pambali. Ndipo popeza makina opopa madzi sakadapambana popanda nzeruyo, ali yense wofuna kuonjezerapo kanthu anapeza cipata cotseka. Jonathan Hornblower anapanga makina a masilinda awiri mu 1781. Edward Bull anapanga ena opanda mtanda. Boulton ndi Watt anati kumeneko ndi kuba, natengera Bull ndi ena kubwalo la milandu, ndipo mu 1799 oweruza anatsimikiza kalata yao. Migodi imene inali italeka kulipira inakakamizidwa kulipira zotsalira. Watt mwini sanafune kumva za nthunzi yopanikizidwa mwamphamvu, cifukwa anaiyesa yoopsya. Ndipo mantha ace sanali acabe, pakuti mu 1803 boila ya makina otere inaphulika ku Greenwich nipha anthu 4. Koma cinkana anali wocenjera cotani, anali munthu mmodzi; ndipo masiku onse amene kalata yace inali ndi mphamvu, amisiri a ku Cornwall, amene anagona ndi kudzuka ndi makinawo, sanali omasuka kuyesa zao.

Kalatayo inatha mphamvu mu 1800. Mungayembekeze kuti pomwepo nzeru zinasefukira monga madzi otsegulidwa, koma sizinatero ai. Zaka 10 zotsatira makina ambiri a m'migodi anabwerera m'mbuyo. Anthu a Boulton ndi Watt, amene anali kuwayang'anira cifukwa malipiro ao anadalira pamenepo, anabwerera kwao. Kabokosi kowerenga kaja kanalibenso wokasamala. Mgodi uli wonse unadziwa za makina ace okha, ndipo ngakhale zimenezo mwa cimbulimbuli. Wogwetsa mpanda sanalime munda. Ufulu unalipo, kusowa kunalipo, amisiri analipo, koma cinthu cina cinasowabe.

M'caka ca 1811 akapitao ena a migodi, atatopa ndi ndalama za malasha, anapangana cinthu cacilendo. Anasankha mnzao wodziwika ndi kukhulupirika, dzina lace Joel Lean, kuti aziyendera makina a m'migodi yao, aziyesa nchito yace ndi muyeso umodzi, ndi kusindikiza zopeza zace mwezi uli wonse m'pepala limene ali yense akhoza kuliwerenga. Lean anamwalira caka cotsatira, koma ana ace anapitiriza nchitoyo, ndipo pepalalo, lochedwa Lean's Engine Reporter, linaturuka kufikira 1904. Muyeso wace unali uwu: makinawa atadya bushel imodzi ya malasha, ndiyo mapaundi 94, atukula mapaundi angati a madzi msinkhu wa phazi limodzi? Cotero makina akuru ndi ang'ono, a mgodi wozama ndi wosazama, analinganizidwa pa nambala imodzi. Pamzere uli wonse panalembedwa dzina la mgodi, ukuru wa silinda, malasha odyedwa, nambala ija, ndi dzina la injiniya wa makinawo.

Taganizani, inu owerenga, za injiniya amene afunyulula pepalalo litangofika. Aona dzina lace pansi, ndipo pamwamba aona dzina la mnzace wa tsidya lija la cigwa, mnzace amene anakula naye, amene akomana naye pamsika wa ku Redruth. Sangathe kunena kuti malasha ace anali a mtundu wina, pakuti onse anatsika m'zombo zocokera kumodzi. Eni mgodi nao alikuwerenga mzere womwewo. Palibe lamulo lomkakamiza, palibe mphotho yoikika. Koma munthuyo sapeza tulo. M'mawa mwace akwera kavalo nanka kukaona cimene mnzaceyo wacita, ndipo sambweza pakhomo. Mnzaceyo amuonetsa zonse, mwina ndi kunyada pang'ono, pakuti nambala yace yanena kale kuti wopambana ndani.

Zoturukapo zinali zodabwitsa. Mu 1812 Richard Trevithick, mwana wa kapitao wa mgodi, wobadwira komweko, anamanga pa Wheal Prosper makina oyenda ndi nthunzi yopanikizidwa, ndi boila ya mtundu watsopano yokhala ndi moto m'kati mwace; kamangidwe kameneko sanakatengere patenti, ndipo ena anakatsanzira nakakometsa. Patapita zaka zingapo Samuel Grose anacita cinthu cimene mai ali yense wobvundikira nsima acidziwa: anakuta silinda ndi mipope ya makina a pa Wheal Towan ndi zofunda zocindikala kuti kutentha kusathawe, ndipo nambala yace inalumpha onse. Sipanapite nthawi, makina ambiri a m'dzikomo anafunda. Poyamba pa pepala la Lean makina wamba anali kutukula mapaundi ngati 20 miliyoni pa bushel. Zisanathe zaka 30 nambalayo inaposa kuwirikiza kawiri. Mu 1835 makina a William West pa Fowey Consols anayesedwa usana ndi usiku wathunthu pamaso pa mboni, nafika 125 miliyoni. Mainjiniya ambiri a ku London anakaika manambala amenewa. Koma mmodzi wa iwo, Thomas Wicksteed, anagula makina a ku Cornwall nawaimika ku Old Ford mu 1838 kuti azipopa madzi a mumzinda, ndipo okaika anaona ndi maso ao. Anthu a ku Holland, pofuna kuumitsa nyanja ya Haarlem kuti ikhale minda, anaitanitsa makina ku Cornwall. Amodzi a iwo, a pa Cruquius, omalizidwa mu 1849, ali ndi silinda ya mapazi 12 m'mimba mwace, ndipo alipo kufikira lero. Zaka zonsezi patenti za makina a nthunzi zotengedwa ndi anthu a ku Cornwall zinali zowerengeka.

Tsono tifunse: eni migodi analoleranji kuulula zimene ena akadabisa? Tikadakonda kunena kuti anali a mtima wabwino koposa a ku Birmingham, koma mbiri siitilola kutero; anali amalonda ofuna phindu monga amalonda onse. Cimene cinasiyana ndi makhalidwe a nchito yao. Miyala ya mkuwa inagulitsidwa pamsika wapoyera kwa osungunula a ku Swansea, ndipo mtengo wace sunaikidwe ndi mgodi umodzi. Cotero mnansi akapulumutsa malasha ace, sanakulande iwe wogula. Ndiponso anthu omwewo anali ndi magawo m'migodi ingapo, kotero kuti kubisira mgodi wa tsidya lija kukadakhala kubisira thumba lako lomwe. Mainjiniya ambiri sanali anchito a kampani imodzi. Anayang'anira makina m'migodi yosiyanasiyana, ndipo cuma cao cinali dzina lao, limene pepala la Lean linakweza kapena kutsitsa. Zitsulo za makina zinayengedwa m'ng'anjo zowerengeka zomwezo, monga za Harvey ku Hayle, ndipo mkazi wa Trevithick anali Jane Harvey, mwana wa mwini ng'anjozo. Cinsinsi sicikhalitsa pakati pa alamu.

Koma cifukwa cimene ine ndiciyesa cacikuru ndi ici, cakuti masiku amenewo panalibe munthu wodziwa bwinobwino cimene cinapambanitsa makina ena pa anzace. Maphunziro a za kutentha ndi mphamvu anali asanakhwime. Amisiri anayenda mofufuza, monga munthu wooloka mtsinje usiku ayesa ndi ndodo. Makina amodzi anali a ndalama zambiri, ndipo akamangidwa anakhala zaka zambiri; mgodi umodzi paokha ukadatha kuyesa nzeru yatsopano kamodzi kokha pa nthawi yaitali. Koma pamene makina makumi angapo analembedwa m'pepala limodzi, kuyesa kwa mmodzi kunakhala kuyesa kwa onse. Ndipo si zopambana zokha zimene zinaphunzitsa. Arthur Woolf, mmisiri waluso ndithu, anakonda makina a masilinda awiri, nawatengera patenti mu 1804. Kwa kanthawi makina ace anali pamwamba pa mzere; koma manambala a mwezi ndi mwezi anadzaonetsa kuti makina a silinda imodzi, otsika mtengo, acita nchito yomweyo, ndipo migodi inaleka kuitanitsa a masilinda awiri. Nkhaniyo siinathe ndi mau a munthu wamkuru, inatha ndi muyeso. Kulephera kobisika kuphunzitsa munthu mmodzi yekha, ndipo m'dzenje lomwelo adzagweramo wina mawa. Akuru anati safunsa anadya phula. Koma wofunsa apindulanji ngati onse okhoza kumuyankha atseka pakamwa?

Ena adzati, Ngati ndi tero, cofulumiza ceniceni ndi nsanje, ndipo inu mwangoibveka malaya oyera. Mau awa ali ndi coonadi cace, sindiwakana. Injiniya uja wosowa tulo sanali kulirira ubwino wa dziko. Anali kulirira dzina lace. Komatu ndi mau amodzi awa akuti nsanje tichula zinthu ziwiri zosiyana. Pali mlimi amene, poona cimanga ca mnzace ciri cobiriwira, afuna kuti cifote. Ndipo pali wina amene, pociona, apsya mtima ndi munda wace womwe, napita kukafunsa za mbeu ndi mizere. Onse awiri alaswa mtima ndi cinthu cimodzi, koma woyamba atsiriza ndi kunong'ona za mankhwala ndi ufiti, waciwiri atsiriza ndi khasu. Cimene ciwasiyanitsa si mtima wokha ai. Munthu wosaloledwa kuona m'munda wa mnzace alibe cocita ndi nsanje yace koma kuisunga kufikira iwawa. Munthu wololedwa kuona ali ndi pokaitula. Akapitao a mu 1811 sanacotse nsanje m'mitima ya anthu, ndipo sakadatha. Anangoikumbira ngalande kuti iyendemo.

Pali mlandu wina umene njira ya pabwalo siingauthawe. James Watt anamwalira mu 1819 ali wolemera ndi wolemekezeka, ndipo anamuimikira cifanizo ca mwala m'Westminster Abbey. Richard Trevithick, amene nzeru zace zinapulumutsira migodi ya kwao ndalama zambirimbiri, amenenso anayendetsa sitima ya moto yoyamba pa njanje mu 1804, anamwalira ku Dartford mu 1833 wopanda kanthu, naikidwa m'manda opanda mwala. Zoona, umphawi wace unali ndi zifukwa zinanso, pakuti anali munthu wosakhazikika, woyamba zambiri ndi kutsiriza zocepa, ndipo anakhala zaka 11 ku South America nabwerako cimanjamanja. Koma tingakhale titacotsa zonsezo, patsala ngongole imene Cornwall siinabweze. Anthu osangalala ndi nzeru yaulere aiwala msanga kuti kwa wina siinali yaulere.

Cotero sindinena kuti woturukira nzeru asalipidwe. Ndinena kuti kulipidwa ndi kwina, kupatsidwa mphamvu yakuletsa ndi kwina. Watt anayenera gawo lace la malasha opulumuka. Sanayenere kukhala mlonda wa pacipata ca maganizo a ena zaka 31. Pakuti iyenso sanayambe pa nthaka yosalimidwa. Makina amene anawakonza anali a Newcomen. Za kutentha anakambirana ndi Joseph Black wa pa Glasgow pomwepo. Ndipo masilinda oongoka amene nzeru yace inafuna anamboolera John Wilkinson, amene anaturukira luso limenelo poboola mizinga. Munthu wolandira zotere kwa ena sangathe kunena, Ici ncanga ndekha, monga ngati cinamgwera kucokera kumitambo. Ndipo anansi olandira kwa iye sangathe kunena, Nzeru iribe mwini, namsiya afe ndi njala. Mangawa ali mbali zonse ziwiri, ndipo dziko la Cornwall linaona mbali yoyamba ikanidwa isanafike 1800, ndi mbali yaciwiri ikanidwa itapita 1800.

Kuti tisayese kuti izi ndi za makina a nthunzi okha, tiyang'ane pang'ono masiku a makompyuta. M'cigwa ca Santa Clara ku California, cimene cinachuka ndi dzina lakuti Silicon Valley, anthu 8 anacoka pa nchito ya William Shockley mu 1957 nayambitsa kampani ya Fairchild Semiconductor; awiri a iwo, Robert Noyce ndi Gordon Moore, anacokanso mu 1968 nayambitsa Intel, ndipo makampani ena ambiri anaphuka pa tsinde lomwelo. Lamulo la ku California, loyambira mu 1872, silibvomereza pangano lomanga wanchito kuti akacoka asakagwire kwa wopikisana ndi bwana wace. Cotero munthu anacoka pano nalowa apo, nzeru ziri m'mutu. Pafupi ndi Boston panalinso gulu la makampani a makompyuta, akuruakuru, osunga zao m'kati mwa makoma, ndipo kumeneko mapangano omanga aja analoledwa. Wang inagwa m'ngongole mu 1992, Digital inagulidwa ndi ena mu 1998. AnnaLee Saxenian, amene analinganiza malo awiriwa m'buku lace la mu 1994, anapeza kusiyana kwakukuru pa kuyenderana kwa anthu ndi nzeru. Zifukwa zinalipo zinanso, ndipo ku California patenti ndi milandu yace sizinasowe. Koma wodziwa za ku Camborne sadzaiyesa nkhani yacilendo.

Tibwerere ku migodi ija, pakuti patsala cinthu cimene sindingathe kucilumpha. Pepala la Lean linali ndi malo a malasha, a madzi, ndi a kugunda kwa makina. Linalibe malo a cifuwa ca munthu. Makina akapambana, mgodi unazama. Mgodi ukazama, makwerero anatalika. Wanchito amene watha maora ace m'kutentha ndi mumpweya woipa wa pansi anayamba ulendo wina, wokwera makwerero onyowa mapazi oposa 1,000, ora lathunthu kapena kuposapo, kandulo iri pacipewa. Ndipo pakati pa okwerawo panali anyamata ang'ono. Anafika pamwamba mtima ulikugunda ngati ng'oma, naturukira m'mphepo yozizira ya kunyanja, ndipo madokotala a kumeneko analemba za nthenda za mtima ndi za cifuwa zimene zinatha amuna asanakalambe. Nzeru yomweyo imene inapulumutsa malasha ndiyo inaonjezera makwerero.

Apa ndipo pali malire a cofulumiza cija. Anansi a nchito imodzi athamangitsana pa cimene agwirizana kuciyesa ndi kuonetsana, ndipo pa cimeneco athamanga modabwitsa; cosalembedwa pamzere citsalira m'mbuyo, cingakhale ndi moyo wa munthu. Posankha muyeso, akapitao aja anasankhanso njira imene nzeru za dziko lao zidzayendamo zaka zambiri. Sindiwatsutsa cifukwa anayesa malasha. Ndifunsa cifukwa cace anayesa malasha okha. Yankho lace silibisika: malasha analipira ndi eni mgodi, cifuwa analipira ndi mwini cifuwa.

Zothandiza moyo wa wanchito zinadza ndi njira yina. William Bickford wa ku Tuckingmill sanali wa mumgodi, anali wamalonda a zikopa. Koma anaona anansi ace opunduka manja ndi maso cifukwa ca wonga wophulika nthawi isanakwane, pakuti masiku amenewo anauyatsa ndi timabango kapena nthenga za atsekwe zodzaza ndi wonga. Tsiku lina, poyang'ana mnzace wopota zingwe, anaganiza zopotera wonga m'kati mwa cingwe, kuti moto uziyenda pang'onopang'ono ndi liwiro lodziwika, munthu napeza nthawi yothawa. Analandira patenti mu 1831. Taonani kuti ngakhale apa kuyandikana kwa nchito kunathandiza, pakuti wa zikopa, wa zingwe ndi wa mgodi anali a dera limodzi. Koma cimene cinamuutsa iye cinali cifundo, ndipo ndi iyeyu, wacifundoyo, amene anatenga kalata yochinga. Nkhani za anthu sizigona mwa dongosolo monga tifunira ife olemba.

Pa za makwerero panafunika mphotho. Bungwe la Royal Cornwall Polytechnic Society, lokhazikitsidwa ku Falmouth mu 1833, linalonjeza ndalama kwa wopeza njira yokwezera anthu, ndi kwa mgodi woyamba kuimanga. Njirayo inali itayamba kale m'migodi ya ku Harz m'dziko la Germany: mtengo wautali wolumikizalumikiza, wotsika mumgodi, wokwera ndi kutsika ndi mphamvu ya makina, wokhala ndi timasitepe. Munthu aponda pa sitepe, akwezedwa pang'ono, asamukira pa sitepe yina ya pambali, abwereranso, momwemo momwemo kufikira pamwamba. Michael Loam anamanga makina otere pa Tresavean mu 1842, ndipo anchito anakondwera nao kwambiri. Koma eni migodi ena anazengereza, popeza anali a ndalama zambiri ndipo sanapulumutse malasha. Makina opopa madzi anamangidwa mazanamazana m'Cornwall. Okweza anthu sanafike 20.

Amodzi a makinawo anaimikidwa mu 1857 pa mgodi wa Levant, pagombe la nyanja pafupi ndi St Just. Mu 1866 mkuwa unagwa mtengo, migodi yambiri nitsekedwa, ndipo amisiri anabalalika kunka ku Australia, ku America ndi ku South Africa. Pepala la Lean linaleka mu 1904. Koma makina a pa Levant anayendabe, okalamba, otsiriza a mtundu wao m'Cornwall monse. Pa 20 October 1919, masana, pamene anthu oposa 100 anali pa masitepe alikukwera kucokera ku nchito, citsulo comangira mtengo uja ku mtanda wa pamwamba cinathyoka, ndipo mtengo unagwera mumgodi pamodzi ndi anthu. Anafa amuna 31. Makinawo sanakonzedwenso, ndipo mgodiwo unatsekedwa mu 1930.